Kodi zauzimu zimakhala ndi tanthauzo kunja kwa chipembedzo?

Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru zanu. Sindipita kutchalitchi kapena kumzikiti, koma nthawi zina ndikakhala chete m'bandakucha ndimamva mtendere wozama, ndipo ndimadziona wochepa pamaso pa chinthu chachikulu chimene sindingathe kuchitchula dzina. Ndinamvanso chimodzimodzi nditagwira dzanja la wodwala amene mpweya unali kumuthera. Popanda mtsogoleri, buku lopatulika kapena gulu londitsimikizira, ndingadziwe bwanji kuti zimenezi n'zauzimu osati kutengeka maganizo chabe? Mu 1902, William James, katswiri wa ku America wa za maganizo a anthu, analemba kuti zoterezi tiziziweruza poona zipatso zake osati mizu yake, ndipo ine ndikuvomereza, ngakhale kuti khalidwe langa silinasinthe kwenikweni. Inu amene munakumanapo ndi zotere, mumazindikira bwanji kuti n'zenizeni?