Mafilimu oonera nyengo yozizira ino

Mayi_wa_ku_Katoto: Anzanga, Juni wafika ndipo kuzizira kwa kuno ku Mzuzu mukukudziwa, ikangokwana 6 madzulo chifunga chonse panja palibe kotuluka. Ana atopa ndi makatuni omwewomwewo. Ndi filimu yanji yoti tonse tionere limodzi titafunda mabulangete?

Chibavi_Boy: Home Alone mayi, ya 1990 ija, mwana uja Macaulay Culkin amamuiwala pakhomo ku Chicago achibale akupita ku Paris kukadya Khrisimasi, kenako akuba awiri aja amaona zakuda. Ndiya Khrisimasi inde koma kwathu kuno Disembala ndi matope ndi kutentha, chipale chija chimamveka bwino mu Juni muno.

NyaLuwinga: Iiih imeneyo tinaionera mpaka kuiloweza. Yesani The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, ili pa Netflix. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene amasewera ngati bambo ake a William, chokha mudzaseka, koma pa njala paja ana aang'ono amalira, dziwiranitu.

Bambo_Zolozolo: Filimu iliyonse bola mbatata yootcha ndi tiyi zilipo. Koma mbaula musatseke nayo mawindo onse chonde, utsi wa makala umapha mwakachetechete. Ndipo tchajiranitu laputopu masana, magetsi saziwika.

Mayi_wa_ku_Katoto: Yewo nonse, Loweruka tiyamba ya Kamkwamba. Wamng'onoyo ndimugoneka kaye.