Boti lija lotentha injini, vuto lapezeka

Mwezi watha ndinafunsa za boti langa lokoka anthu a ski (masewera otsetsereka pamadzi), lija ndinagula kwa munthu, la injini ya V8 yokhala m'kati. Linkatentha tikangoyenda mphindi 10 panyanja ku Mangochi. Ambiri munati ndi thermostat, kavalavu kowongolera kutentha kwa injini. Ndinasintha, koma ayi ndithu.

Titabwera nalo kuno ku Blantyre, makaniko wina wa ku Ndirande anatsegula pampu yokoka madzi oziziritsa injini. Impeller, kamphira ka mapiko kaja, inali itauma gwa, mapiko atatu atathothoka. Zidutswa zake tinakazipeza zitatseka cooler (choziziritsira mafuta) ya giyabokosi, pamodzi ndi mchenga ndi tizinyalala ta namasupuni. Ndikukayikira kuti mwini wake wakale ankaliza injini boti lili pangolo popanda madzi, chifukwa mphirayi ikazungulira youma sichedwa kupsa.

Ndinaitanitsa ma impeller awiri ku Johannesburg, imodzi taika pa pampu, ina izikhala m'galimoto. Loweruka tinayesa pakhomo ndi paipi ya madzi. Ku ekizozi madzi akutuluka bwino, geji ya kutentha ili phee.

Chatsala ndi pa shafiti ya pulopela, pakudontha mopitirira. Amene munasinthapo packing, kachingwe kotsekera madzi pa shafiti, munavutika kuchotsa yakale?