Kodi tsankho la m'sukulu za ku America linathadi mu 1954?

Mayi wa awiri:
Ndakhala ku Indiana chaka chimodzi tsopano, ndipo pali chinthu chimene chikundizunguza mutu. Ndikaima pachipata masana kudikirira mwana wanga pa sukulu ya boma imene amaphunzira, ana amene amatuluka pafupifupi onse ndi akuda kapena a m'mabanja olankhula Chisipanishi, koma tsiku lina titapita kukaonera mpira pa sukulu ya kunja kwa tawuni ndinapeza kuti kumeneko n'kwa azungu okhaokha. Ine ndinamva kuti khoti linathetsa tsankho la m'sukulu kalekale. Nanga zimenezi zikuchokera pati, ndipo bwanji boma silingowasakaniza anawa?

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, zimene munamvazo n'zoona. Mu 1954, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, oweruza onse 9 a khoti lalikulu la dzikolo anagwirizana kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma potengera khungu n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Zigawo za kummwera zinakanitsitsa, moti mu 1957 Pulezidenti Eisenhower anachita kutumiza asilikali ku Little Rock, mzinda wa m'chigawo cha Arkansas, kuti akaperekeze ana akuda 9 polowa m'kalasi. Mu 1971, pa mlandu wa ku Charlotte, khoti linalola kuti ana azitengedwa pa basi kupita ku sukulu za kutali n'cholinga chowasakaniza.

Koma mlandu umene ukuyankha funso lanu ndi wa ku Detroit wa mu 1974, wotchedwa Milliken v. Bradley, ngakhale kuti satchulidwa kawirikawiri. Azungu ambiri anali atasamukira kunja kwa mzindawo, kumene dera lililonse limayendetsa lokha sukulu zake, ndipo oweruza 5 mwa 9 anagamula kuti mabasi asadumphe malire a maderawo pokhapokha patakhala umboni wakuti madera a kunjawo anachita nawo tsankho. Kuyambira pamenepo, aliyense wokwanitsa kugula nyumba kutsidya kwa malire anali atatuluka m'nkhaniyo. Ndiye poti gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba za m'deralo, malire omwewo amalekanitsanso ndalama.

Wa ku Zomba:
Ndionjezere pa mbali yachiwiri ya funsoli. Masiku ano akuluakulu a sukulu, ngakhale atafuna, sangagawe ana mwa kungoyang'ana mtundu wa mwana aliyense. Ku Louisville kunali lamulo lakuti ana akuda pa sukulu iliyonse asachepere 15 peresenti ndipo asapitirire 50 peresenti, pamene ku Seattle mtundu unkaganiziridwa ngati ofuna malo pa sekondale achuluka. Mu 2007 khoti lalikulu linathetsa njira ziwirizi, panonso ndi oweruza 5 mwa 9. Woweruza Kennedy, mmodzi mwa oweruza 5 aja, anasiyako kampata, ponena kuti n'zololedwa kuganizira za kusakaniza ana posankha pomanga sukulu yatsopano kapena podula malire. Madera ena amagwiritsa ntchito kapezedwe ka makolo, monga momwe a ku Wake County ku North Carolina anayambira mu 2000.

Gogo wa ku Leeds:
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma mabasiwo musawayamikire kwambiri. M'mizinda yambiri amene ankadzuka m'bandakucha n'kuyenda mtunda wautali anali ana akuda, sukulu zimene zinkatsekedwa zinali za m'madera mwawo, ndipo aphunzitsi akuda ambirimbiri anachotsedwa ntchito sukulu zitaphatikizidwa. Ku Boston mu 1974 mabasi onyamula ana akuda ankagendedwa ndi miyala. Kholo limene linkati bwanji osangokonza sukulu ya pafupi ndi kwathu silinali lopusa.

Mphunzitsi wopuma:
Agogo, za aphunzitsi ochotsedwa ntchitowo sindikukutsutsani. Kungoti lonjezo la sukulu zolekana koma zofanana linalipo kuyambira mu 1896 mpaka mu 1954, ndipo pa zaka 58 zonsezo sukulu za akuda sizinafanane ndi za azungu.

Mayi wa awiri:
Zikomo nonse, ndamvetsa tsopano. Pangano lathu la lendi likutha mu Juni, ndipo bambo a kunyumba akufuna tisamukire kutsidya kwa malire omwewo. Ine mtima ukukayikabe, chifukwa mwana wanga amawakonda aphunzitsi ake.