Mwini wa luso lotulukiridwa pa yunivesite ndani?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mwezi wathawu andisankha kukhala mkulu wa dipatimenti ya sayansi pa yunivesite yomwe ndimaphunzitsa, ndipo nkhani yoyamba kundipeza yandiimitsa mutu.

Wophunzira wathu wa digiri yachiwiri wapanga kachipangizo koyezera ukhondo wa madzi. Nzeruyo ndi yake, palibe angatsutse. Koma labu ndi ya yunivesite, ndalama za kafukufuku zinachokera ku bungwe lina, ndipo mphunzitsi yemwe ankamuyang'anira akuti dzina lake ndilo liyambe pa patent, chikalata cha boma choteteza umwini wa chinthu chotulukiridwa. Kampani ina yayamba kale kununkhiza. Malamulo a yunivesite yathu ali chete pa zimenezi.

Ndinawerenga kuti ku America lamulo la Bayh-Dole la 1980 linalola mayunivesite kukhala eni a zotulukiridwa pa kafukufuku wolipiridwa ndi boma, bola azigawana phindu ndi wotulukirayo. Nanga kwanuko mumagawana bwanji? Wophunzira, poti si wolembedwa ntchito, mumamuika pati?

Chinanso, mnyamatayu akufuna kusindikiza zotsatira zake msanga kuti amalize maphunziro, chonsecho kufalitsa musanalembetse patent kumatayitsa mwayi m'mayiko ambiri. Ndimuuze kuti adikire?