Gulu la banja: malo a m'mbali mwa madzi aja

Azakhali: Woyeza malo athu aja tikufuna kumangapo masitolo, maofesi ndi nyumba zogona akufuna theka la ndalama zake asanabwere. Pa makomo 7, asonkha ndi atatu okha. Enanu mukudzidziwa.

Mlamu: Zikomo azakhali. Mumuuze asangoyeza malire okha ayi. Apeze pamene madzi amafika akasefukira kwambiri, akhomepo chikhomo. Simenti ya pansi pa nyumba zonse ikhale theka la mita pamwamba pa chikhomocho.

Amalume: Mpanda kaye. Malo opanda mpanda ndi a aliyense.

Achemwali: Amalume, mzere wa kumadziwo tikufuna ukhaledi wa aliyense. Njira ya oyenda pansi, mamita 6 mulifupi kapena kuposa, mitengo ya mthunzi pa mamita 10 aliwonse, mabenchi pansi pake. Mukatseka, masitolowo adzagulitsa kwa ndani?

Mlamu: Pansi masitolo ndi malo odyera, denga lake mamita 4 kuti mapaipi ndi chotulutsira utsi zikwane. Zitseko ziyang'ane kumadzi. Pakati maofesi, pamwamba nyumba zogona. Tikaika maofesi okhaokha, anthu akaweruka kuli zii, ndiye akuba aja mukuwaopawo ayambe.

Amalume: Ndanena kale. Mpanda.

Azakhali: Achimwene, mpandawo mumangira ndalama ziti? Dzina lanu silili pa atatu aja.

Msuweni: Kodi wasintha chithunzi cha gulu ndani? Agogo atuluka ngati akwiya 😂

Mai aang'ono: Dzuwa linkawawomba m'maso. Chisiyeni.

Msuweni: Ineyo n'komwe mwandidula mutu

Achemwali: Tibwerere. Nyumba zisalumikizane ngati khoma limodzi. Pa mamita 80 kapena 100 aliwonse pakhale kanjira kotsikira kumadzi, munthu ali pamsewu aziona madziwo. Pali masitepe pakhalenso potsetsereka pa a njinga za olumala, kukwera mita 1 pa mamita 12. Magalimoto, otsitsa katundu ndi zinyalala zonse kuseri.

Mlamu: Chodya ndalama kwenikweni ndi gombe. Khoma la simenti loima chilili limabweza mafunde, madzi n'kumakumba pansi pake mpaka lipendekeke. Bola miyala ikuluikulu yoyala motsetsereka, kukwera mita 1 pa mamita 2, pansi pake nsalu ya geotextile kuti dothi lisamakokoloke m'mipata. Nsaluyo ndi imene omanga amakonda kuidumpha chifukwa siioneka.

Mai aang'ono: Nanga zimbudzi?

Mlamu: Madzi a pansi ali pafupi, dzenje lomwetsa zonyansa siligwira ntchito, zimangothera m'madzi omwe tikuitanira anthuwo. Tilumikize ku paipi ya mzinda. Poti ife tili kumunsi pafunika pampu, ziwiri, ina ikafa ina izigwira. Dothi nalonso liboledwe liyezedwe tisanajambule maziko. Likapezeka lofewa, nyumba zosanja zifuna mizati yokhomera pansi, mtengo n'kusinthiratu.

Azakhali: Mwamva? Kuyeza dothi ndi msonkho winanso. Ndipo ulendo uno ndalama izilowa ku akaunti ya anthu atatu osayinira. Zija za ulendo uja zisachitikenso.

Amalume: Mukunena ndani?

Azakhali: Sindinatchule munthu.

Achemwali: A khonsolo salandira pulani yopanda mtunda wosiyidwa pakati pa madzi ndi nyumba. Wina akafunse kuti lamulo likuti mamita angati tisanalipire wojambula, tingalipire kawiri. Achimwene aakulu, ofesiyo muli nayo pafupi. Mauthenga mukuwerenga, tikuona.

Amalume: Akafunsenso za mpanda.

Achemwali: Mpanda wake ukhale wa bwalo la kuseri la ogona pamwamba, ndi geti. Kutsogolo magetsi a mapolo aafupi, mamita 4, owala pankhope za anthu. Bala la mowa lisakhale pansi pa zipinda zogona, alendi sachedwa kusamuka.

Achimwene aakulu atuluka pa gulu

Msuweni: Eee 👀

Azakhali: Mlamu, abwezereni. Woyezayo akufuna yankho Lachisanu, makomo anayi ndikudikira.