Malaini awiri a intaneti pa rauta imodzi, koma liwiro silikuphatikizana

Tadala88 walemba:

Moni nonse. Mu ofesi ya anthu asanu ndi mmodzi muli laini ya fiber ya 20 Mbps yolowa pa PPPoE (njira yolumikizira yofuna dzina ndi pasiwedi), ndi modemu ya 4G yopereka pafupifupi 10 Mbps. Zonse ndazilumikiza ku rauta yoyendera pulogalamu ya OpenWrt ndipo ndaikamo mwan3, pulogalamu yoyendetsa malaini angapo a intaneti pa rauta imodzi. Malaini onse akuoneka kuti ali moyo, koma ndikamakopera fayilo yaikulu liwiro silikupitirira 20, pena likungokhala pa 10. Webusaiti ya banki nayonso ikumanditulutsa ndili mkati mwa ntchito. Kodi 30 Mbps ndingaipeze bwanji?

Mawaya_Phiri wayankha:

A Tadala, rauta yanu ikuchita ndendende zomwe mwan3 inapangidwira. Ntchito yake ndi load balancing: imagawa makonekishoni, osati mapaketi (tizidutswa ta deta). Kompyuta ikatsegula konekishoni ya TCP, rauta imaisankhira laini, ndipo imakhala pomwepo mpaka itatsekedwa. Sizingatheke mwanjira ina, chifukwa laini iliyonse ili ndi adiresi ya IP yakeyake, ndipo seva ya kutsidyako imazindikira konekishoni poona adiresiyo ndi port. Paketi ikabwera ndi adiresi ina, seva imaikana. Galimoto imodzi singayende misewu iwiri nthawi imodzi, koma magalimoto khumi angagawane misewuyo.

Ndiye 30 Mbps mudzaiona anthu angapo akamagwiritsa ntchito intaneti pamodzi, kapena pulogalamu ikatsegula makonekishoni ambiri. Yesani pulogalamu yokopera mafayilo ya aria2c ndi `-x 16 -s 16`: imaduladula fayilo n'kukoka zidutswazo padera, zina pa fiber zina pa 4G, bola seva ikhale yololeza zimenezo. Torrent imachitanso chimodzimodzi. Koma vidiyo kolo imodzi, VPN imodzi kapena kukopera kwa pa browser sizidzapitirira liwiro la laini yomwe zagwera.

nkhwazi_net wayankha:

Ndiwonjezerepo za kakonzedwe, chifukwa pamenepa ndi pomwe ambiri amapunthwa.

Poyamba, WAN (laini ya intaneti) iliyonse ikhale ndi gateway metric yakeyake (nambala yosonyeza laini yoyamba kusankhidwa) ku Network > Interfaces, mwachitsanzo 10 ndi 20. Zikafanana, default route (njira yotulukira ku intaneti) imodzi yokha ndiyo imatsala ndipo laini inayo imangokhala chete. Onetsetsaninso kuti ma subnet (magulu a maadiresi a IP) sakugundana. Mamodemu ambiri a Huawei amabwera ndi 192.168.8.1, ena 192.168.1.1, yomwenso ndi adiresi yomwe OpenWrt imabwera nayo pa LAN. Zikagundana sinthani imodzi.

Mkati mwa mwan3, ma member onse awiri (oimira malaini awiriwo) apatseni metric 1, koma weight ikhale 2 kwa fiber ndi 1 kwa 4G, molingana ndi 20 ndi 10 wanuyo. Mukaika 1 ndi 1, theka la makonekishoni lidzathithikana pa laini yofooka fiber ili ndi malo.

Za banki: mukalowa ndi adiresi ina kenako tsamba lotsatira n'kubwera ndi ina, banki imaganiza kuti wina wakuberani session, n'chifukwa chake imakutulutsani. Lamulo la port 443 (ya HTTPS) likhale ndi sticky, yomwe imasunga kompyuta pa laini imodzi, timeout ya masekondi 600, ndipo likhale pamwamba pa lamulo la zonse, popeza mwan3 imatenga lamulo loyamba lomwe lagwirizana. Musaiwale UDP 443, chifukwa ma browser amakono amadutsa pa QUIC, njira yoyenda pa UDP. Dziwani kuti sticky ili ndi mtengo wake: HTTPS yonse ya kompyuta imodzi idzamatirira pa laini imodzi, ndiye ngakhale aria2c sidzaphatikizanso liwiro. Ine ndimaona kuti ndi bwino kulemba lamulo la maadiresi a bankiyo okha kuti adzidutsa pa fiber, zina zonse n'kuzisiya zigawidwe.

Pa tracking (kuona ngati laini ili moyo) musamapinge modemu yeniyeniyo, imayankha ngakhale kunja kutafa. Ikani maadiresi awiri akunja monga 1.1.1.1 ndi 8.8.8.8. Flow offloading (njira yachidule yofulumizitsa rauta) muyizimitse kaye poyesa, imatha kulambalala zizindikiro zomwe mwan3 imaika pa mapaketi. 

Tadala88 walemba:

Zikomo kwambiri, zamveka. Nanga palibiretu njira yoti konekishoni imodzi idutse malaini onse awiri?

Mlonda_wa_Seva wayankha:

Ilipo, ndi bonding, koma imafuna chida chachiwiri kunja. Mumabwereka VPS (seva ya pa intaneti) yokhala ndi IP ya public ndi laini yoposa 30 Mbps. Rauta imatsegula tunnel pa laini iliyonse kupita ku VPS, n'kumwaza mapaketi pa onse awiri. VPS imawasanjanso mu dongosolo lake n'kuwatumiza ku intaneti ndi adiresi imodzi. Vuto la banki lotulutsa munthu limathera pomwepo, ndipo laini imodzi ikaduka kolo siiduka.

Njira yaulere ndi OpenMPTCProuter, yomangidwa pa OpenWrt ndi Multipath TCP, njira yolola konekishoni imodzi kudutsa malaini angapo.  Zolipira ndi monga Speedify ndi SpeedFusion ya Peplink.

Musayembekezere 30 yathunthu. Mdani wamkulu ndi kusiyana kwa latency, nthawi yomwe paketi imatenga pa ulendo wake. Tiyerekeze kuti fiber ikuyankha pa 15 ms, 4G pa 60 ms ndipo ikudumphadumpha. Paketi yachisanu yodutsa pa fiber ifika yachinayi yodutsa pa 4G isanafike, ndiye VPS iyenera kudikira. Kusiyanako kukakula, liwiro la onse awiri limatha kutsika kuposa la fiber yokha. Pingani VPS pa laini iliyonse payokha musanawononge ndalama, ndipo sankhani seva yapafupi, chifukwa chilichonse chidzayamba chadutsa kumeneko.

Chachiwiri ndi MTU, kukula kwa paketi (mu ma byte) komwe laini imalola. PPPoE imasiya 1492 m'malo mwa 1500, ndipo tunnel imadyaponso. Tunnel ya WireGuard mwachitsanzo imayambira pa 1420. Chizindikiro chake n'chakuti ping ikuyenda koma masamba ena akungozungulira osatseguka. Yatsani MSS clamping, yomwe imachepetsa kukula kwa mapaketi a TCP kuti akwane. Pa 1492, MSS ya IPv4 ndi 1452. Onaninso CPU ya rauta: encryption imalemera, ndipo karauta kotchipa kamatopa malaini asanadzaze. Mawebusaiti ena, makamaka a mafilimu, amakayikiranso maadiresi a ma VPS.

Mawaya_Phiri wayankha:

Zonsezi n'zoona, koma kwa anthu asanu ndi mmodzi ine sindingathamangire bonding. Makonekishoni awo ndi ochuluka kale, mwan3 yokonzedwa bwino idzadzaza malaini onse popanda VPS yoti muziisamalira, yomwenso ikagwa imagwetsa intaneti yonse. Bonding ndi ya munthu woulutsa vidiyo live kapena wokweza mafayilo aakulu pa konekishoni imodzi.

Wina akakuuzani za LACP kapena Bridge Connections ya Windows, musataye nthawi. LACP imamanga mawaya opita ku switch imodzi, ndipo nayonso imagawa pa konekishoni. Bridge imangolumikiza manetiweki awiri, siiwonjezera liwiro. Mukadzafuna laini yachitatu, musatenge SIM ya kampani yomweyo: mamodemu awiriwo adzagwira nsanja imodzi n'kumalimbirana mpata womwewo, ndipo nsanjayo ikazima onse azimira limodzi.