Kodi "chiwongoladzanja" chinali chiyani makolo asanadziwe banki?

Nachisale wa ku Balaka

Akuluakulu ndithandizeni, makamaka inu amene munakulira pa miyendo ya agogo. Ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde, tilimo amayi 22. Loweruka lapitali tinkagawana ndalama za chaka chonse. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, bokosi linatsegulidwa ndi makiyi ake atatu, aliyense n'kumaitanidwa dzina. Itafika nthawi ya mayi wina wachisilamu, mnzanga wapamtima, anawerenga ndalama zake kawiri, n'kupatula masheya amene anaponya yekha, n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje. Zotsalazo, K38,000, anazikankhira pakati pa mphasa ndi nsonga za zala. Anati, "Izi ndi riba, kwathu n'zoletsedwa. Mupatse ovutika."

Pagulu pathu wokongola K50,000 amabweza K60,000 mwezi ukatha. Amayi ena anakhumudwa, anaona ngati watinena kuti ndife akatapila. Apampando anati, "Mayi, ife sitichita katapila ayi, ichi n'chiwongoladzanja chabe." Iye anayankha mofatsa kuti kwa iye ziwirizi n'chimodzi.

Mawuwa andisowetsa tulo. Agogo anga ankawatchula mwanjira ina. Ndikukumbuka atabwereka mtondo kwa anansi athu, pobweza anaika kambale ka mtedza m'kati mwake, n'kundiuza kuti, "Senza, ukawauze kuti kachiwongoladzanja ndi ako." Palibe amene anawauza kuti aike mtedza, kapena wochuluka bwanji. Ndiye kodi mawuwa kwenikweni ankatanthauza chiyani? Dzanja limene likuwongoledwalo ndi la ndani? Ndipo amene mukudziwa Chisilamu, riba ndi katapila kapena ndi chiwongoladzanja? Sindikufuna kuti gulu lathu lisweke.

Angozo a ku Ntcheu

Mwana wanga, wafunsa bwino. Dzanjalo ndi la wobwereketsa. Munthu akamakupatsa nkhwangwa kapena khasu lake, dzanja lake limapinda pokupatsa, ndipo limakhala lopanda kanthu masiku onse amene chinthucho chili kwa iwe. Pobweza umaliwongola. Ndi mmene bambo anga anandifotokozera. Kwathu chobwereka sichinkabwerera chokha. Ukabwereka dengu, linkabwerera muli mbatata ziwiri. Ukabwereka ngolo kukatuta chimanga, mwini ngolo umamutulira lichero. Koma mwini chinthu akanati atsegule pakamwa n'kunena kuti "udzandipatse zakuti", mudzi wonse ukanamunena. Zinali za mumtima mwa wobwereka. Wosauka ankabweza ndi "zikomo" yekha, ndipo mlandu panalibe. Paja amati kupatsa n'kuika.

Katapila tinkamudziwanso, ndipo anali ndi dzina loipa. Mu Januwale nkhokwe ikauma, unkapita kwa munthu wa chimanga, iye n'kukupimira ndowa imodzi kuti pokolola udzabweze ziwiri kapena zitatu. Ankatchuliratu, ndipo ankasankha nthawi imene ana ako akulira. Ine m'mawu amenewa ndimamvamo kutapa, kutapa m'nkhokwe ya mnzako.

Mabanki atafuna mawu a Chichewa a ndalama zimene amaonjezera pa ngongole, anatenga mawu aulemuwa. Chimene amachita koma chili kumbali ya kutchuliratu.

Che Yusufu wa ku Mangochi

Assalamu alaikum nonse. Angozo, mwandidabwitsa, chifukwa malire amene mwalembawo ndi omwewo amene mashehe anatiphunzitsa ku Khartoum m'dziko la Sudan, kumene ndinakachita maphunziro a Shariya, malamulo a Chisilamu.

Mu Qur'an, Surah Al-Baqarah ndime 275, akuti Allah waloleza malonda ndipo waletsa riba. Ndime 280 ikuti wangongole akakhala pa mavuto, mumudikire mpaka apeze bwino. Tsono pali nkhani ya Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye. Anakongola ngamila yaing'ono kwa munthu wina. Nthawi yobweza itakwana anatuma mtumiki wake wa pakhomo, Abu Rafi', kuti akabweze, koma iye anangopeza ngamila zazikulu zoposa ija. Mtumiki anati amupatse yomweyo, chifukwa anthu abwino koposa ndi amene amabweza bwino ngongole. Ndiye kambale ka mtedza ka agogo anu, mayi Nachisale, ndi halaal ndithu. Chimasanduka riba pamene choonjezeracho chalowa m'pangano, kaya n'chochepa kaya n'chochuluka. Ndi chifukwa chake mnzanu uja anati kwa iye ziwirizi n'chimodzi. Sanakutukwaneni. Apampando anu amasiyanitsa poona kukula kwa choonjezera, iye amasiyanitsa poona ngati chinatchuliratu.

Ku Sudan nkhaniyi sinathere mu mzikiti. Mu 1977 kunakhazikitsidwa Faisal Islamic Bank. Mu 1983 Pulezidenti Nimeiry analengeza malamulo a Shariya, ndipo m'kupita kwa nthawi mabanki onse a kumpoto kwa dzikolo anasiya kukongoza ndalama ndi chiwongoladzanja. Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti alimi a kumeneko ali ndi katapila wawo, amamutcha sheil. Wamalonda amapatsa mlimi ndalama, shuga kapena mafuta nthawi ya mvula, n'kudzatenga matumba a mapira pa mtengo wolira pokolola. Ndendende zimene Angozo afotokoza. Mabanki anabweretsa njira yotchedwa salam: banki imagula mbewu isanakololedwe, imalipiratu ndalama zonse, ndipo muyeso ndi tsiku lodzapereka zimalembedwa. Njirayi inachokera ku Madina, kumene anthu ankalipiriratu zipatso za tende. Koma mitengo ya zinthu itayamba kukwera mothamanga, alimi a ku Gedaref, dera la ulimi kum'mawa kwa Sudan, anaona kuti thumba limene analigulitsa nthawi yodzala lakwera kutali pofika nthawi yokolola, phindu lonse n'kupita ku banki. Mpaka m'mapanganomo munaonjezeredwa ndime yoti mtengo ukasiyana kwambiri uzikonzedwanso, pofuna kuchotsa chinyengo. Ndikunena izi kuti musaganize kuti kuchotsa riba ndi kungosintha chikwangwani.

Chifundo, Johannesburg

Che Yusufu pepani, koma ine zimenezi ndimazikayikira. Abwana anga kuno ndi Msilamu, anagula galimoto kudzera ku banki yachisilamu. Ndinaona mapepala ake. Banki inagula galimotoyo, n'kuwagulitsa iwo pa mtengo wokwera, azilipira pang'onopang'ono zaka zisanu. Titawerengetsa, ndalama zake zikufanana ndi za mlamu wanga amene anatenga ngongole wamba. Nanga pamenepa chasintha n'chiyani? Dzanja likuwongoledwabe, angolipatsa dzina la Chiarabu. Komanso tisaiwale kuti Baibulo nalo limaletsa, werengani Eksodo 22:25 ndi Nehemiya chaputala 5. Akhristufe tinangozolowera.

Abiti Mariamu, Kuala Lumpur

A Chifundo, simukunama. Njira imene mwaionayo ndi murabaha, ndipo ngakhale aphunzitsi athu kuno amavomera kuti phindu lake nthawi zambiri limatsatira mitengo ya mabanki wamba. Akatswiri ena achisilamu amaidzudzula pa chifukwa chomwecho. Kusiyana kulipo ndithu, kumaonekera tsiku la mavuto. Mtengo ukalembedwa walembedwa, sukula chifukwa mwachedwa, ndipo ngongole siberekana. M'mabanki ambiri chindapusa cha ochedwa dala chimapita kwa osauka, sichilowa m'phindu. Kwa munthu amene anaonapo ngongole ya mayi ake ikukula mwezi ndi mwezi ngati dzungu, chimenechi si chaching'ono.

Koma ndalowa kuti ndikuuzeni mawu amodzi amene andikumbutsa mtedza wa agogo aja. Kuno ku Malaysia kale anthu a m'midzi ankakana kusunga ndalama ku banki poopa riba. Ofuna kupita ku Hajj, ulendo wachipembedzo wa ku Makka, ankabisa ndalama m'mapilo kwa zaka, ena ankagulitsa munda ndi ziweto, n'kubwerera ku Makka alibe pogwira. Katswiri wa zachuma Ungku Aziz anapereka ganizo limene linabala thumba la Tabung Haji mu 1963. Anthu amasungako ndalama, thumbalo limachita nazo malonda ololedwa monga minda ya kanjedza wa mafuta, ndipo chimene osunga ankalandira pachaka kwa zaka zambiri chinkatchedwa hibah. Hibah ndi mphatso. Ngakhale lero, pa akaunti zina za m'mabanki achisilamu, banki ikhoza kukupatsani hibah koma siloledwa kukulonjezani. Akangolonjeza, yasanduka riba. Si chiwongoladzanja cha Angozo chimenechi?

Ndipo kuno boma linalowererapo mwamphamvu. Lamulo la mabanki achisilamu linabwera mu 1983, chaka chomwe Bank Islam inatsegulidwa. Kuyambira 2009, bungwe la akatswiri a Shariya la ku Bank Negara, banki yaikulu ya dziko, likagamula nkhani ya ndalama zachisilamu, ngakhale khoti liyenera kutsatira. Mabanki wamba aliponso, munthu amasankha yekha, ndipo Atchaina ambiri osakhala Asilamu amagwiritsa ntchito mabanki achisilamu.

Ku Pakistan zavuta koposa. Khoti la Shariya linagamula mu 1991 kuti chiwongoladzanja cha mabanki ndi riba. Nkhani inazungulira m'makhoti zaka zoposa 30, chifukwa boma lenilenilo limakhalira ngongole. Mu Epulo 2022 khotilo linagamulanso, n'kupereka malire a kumapeto kwa 2027. Anzanga a kumeneko amandiuzanso za zakaat, chopereka chimene Msilamu amalamulidwa kupereka kwa osauka: kuyambira 1980, nthawi ya Pulezidenti Zia ul-Haq, boma limadula 2.5 peresenti pa akaunti zosungira ndalama tsiku loyamba la Ramadhan, ndipo anthu ambiri amatapa ndalama zawo tsikulo lisanafike, n'kukapereka okha kwa osauka amene akuwadziwa. Ine zimandiuza kuti chinthu cha mumtima boma likachigwira ndi lamulo, anthu amachizemba ngakhale akuchikhulupirira.

Angozo a ku Ntcheu

Abiti, hibah ameneyo ndi yemweyo. Koma ndikufunseni, banki ikamapereka mphatso chaka chilichonse osaphonya, anthu sayamba kuiwerengera? Kwathu mayi wina ankabwereketsa mphika wake wa mowa, ndipo aliyense ankadziwa kuti ukabwerera wopanda chipanda cha mowa sudzaubwerekanso. Pakamwa sankatchula, koma tonse tinkadziwa mtengo wake.

Che Yusufu wa ku Mangochi

Angozo mwafika pamene mashehe amakanganirana. Pali mfundo ya fiqh, maphunziro a malamulo a Chisilamu, yoti chimene chazolowereka pakati pa anthu chili ngati chimene chalembedwa m'pangano. Ndiye mayi wa mphika uja, kwa mashehe ambiri, wadutsa kale malire.

Mayi Nachisale, za gulu lanu: mnzanu asachoke. Njira zilipo. Wina akafuna K50,000 ya geni ya tomato, gulu likhoza kulowa naye m'geniyo, n'kugwirizana kuti phindu ligawidwe motani, mwachitsanzo magawo atatu akhale ake, limodzi likhale la gulu. Geni ikagwa popanda kusasamala kwake, gulu limaluza ndalama, iye waluza thukuta. Imeneyi ndi mudaraba, ndipo Mtumiki asanalandire utumiki ankayenda ndi katundu wa mayi Khadija, amene anadzakhala mkazi wake, kupita naye ku Sham, dera la Siriya. Kapena gulu ligule lokha matumba a feteleza n'kumugulitsa membala pa mtengo woonjezera wodziwika. Koma ngongole ya matenda, ya maliro kapena ya fizi ya mwana ikhale qard hasan, wabwereka 20 wabweza 20. A Chifundo, pamenepa ndikukhulupirira kuti Nehemiya wanu tigwirizana naye.

Nachisale wa ku Balaka

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Dzulo madzulo ndinapita kwa mnzanga uja, ndinamupeza akusenda chinangwa, ndinamuwerengera zonsezi pa foni. Pa nkhani ya ngamila anasiya mpeni n'kunena kuti ankaimva ku madrasa ali mwana koma sanaganizepo kuti ikukhudza bokosi lathu. Anandiuzanso chimene sindinkadziwa, kuti chaka chino sanakongole ngakhale kamodzi, ndipo mwana wake atadwala mu Julayi anagulitsa mbuzi m'malo mobwera kwa ife. Zinandipweteka kwambiri. Tinali ndi ndalama m'bokosi.

K38,000 ija apampando akuisungabe mu envulopu. Lachitatu tikukumana kuti tikambirane malamulo a chaka chamawa, ndipo ndikapempha kuti thumba la zadzidzidzi likule, wobwereka m'menemo azibweza zomwe watenga, kambale ka mtedza kakhale ka mtima wake. Za kugawana phindu la geni ndikuopa kuti amayi azibisa zomwe apeza, poti ambiri sitilemba malonda athu. Che Yusufu, Abiti, kumeneko amatani kuti adziwe phindu lenileni la munthu wogulitsa tomato pamsika? Ndiyankheni lisanafike Lachitatu chonde.